Tsiku limene anandipatsa solo ku Biwi

Gitala yanga ndinaigula ndi malipiro anga oyamba, kwa mnyamata wina wa ku Area 25 amene ankasaka ndalama ya thiransipoti ya ku Joni. Inali yotopa ndithu, nsambo zake zitatalikirana ndi thabwa moti ukakanikiza imodzi umamva ngati ukudzicheka ndi waya. Mayi nditawauza pafoni anangofunsa funso limodzi: "Nanga matiresi aja?" Matiresi sindinagule. Ndinagonanso pamphasa miyezi iwiri kuno ku Kawale, gitala itatsamira khoma ngati mlendo wochokera kutali.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine si woimba, changa n'kulemba. Koma lero ndiloleni ndikuuzeni za manyazi amene ndinachita Loweruka lina ku Biwi, chifukwa ndikudziwa kuti ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 23 kuli anzanga ambiri amene ali ndi gitala pakona ya chipinda, foni m'manja, ndipo akuponda momwe ndinaponda ine.

Poyamba zinthu zinkayenda bwino. Ma chord atatu aja, G, C ndi D, ndinawagwira m'milungu yochepa, ndipo ndi atatu amenewa munthu umatha kuperekeza makolasi ambiri a kutchalitchi. Zinasokonekera usiku wina nditagwera pa vidiyo ya B.B. King. Bambo wathupi, atakhala pampando, atatsinzina, anakhudza nsambo imodzi n'kuigwedeza ndi chala. Noti imodzi yokha, koma thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinati izi ndiye zimene ndikufuna: kuimba zopeka pompopompo, zotuluka m'mutu nthawi yomweyo, zimene oimba amati improvisation.

Ukafufuza pa intaneti mmene ungayambire solo ya blues, pafupifupi onse amakulozera ku chinthu chimodzi, sikelo ya pentatonic. Osati sikelo ya ogula soya ija ayi, uwu ndi mndandanda wa manoti asanu. Mu kiyi ya A ndi A, C, D, E ndi G. Amene munakulira m'kwaya mukuwadziwa kale: la, do, re, mi, so. Pa gitala manotiwa amakhala malo amodzi ngati kabokosi. Chala chamkombaphala chimakhala pa fret ya 5 pa nsambo zonse. Pa nsambo yonenepa kwambiri ija mumawonjezera fret ya 8, pa zitatu zotsatira fret ya 7, pa ziwiri zowonda zam'munsi fret ya 8. Basi, kabokosi katha. Tsiku limodzi ndi lokwanira kukaloweza.

Ine ndinakaloweza, kenako ndinatha miyezi itatu ndikukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, madzulo aliwonse ndikangotseka laputopu. Magetsi akazima ndinkaimba mumdima, n'kumadzitama kuti zala zikupeza zokha malo. Liwiro linkakula. Ndinkadzijambula tividiyo tifupitifupi n'kuika pa status, anzanga n'kumanditumizira timalawi tamoto. Mumtima ndinkati ndafika.

Mnzanga wina amene tinali naye limodzi ku koleji amaimba bezi, ndipo ndi iye amene ananditengera ku Biwi. Kuseri kwa kashopu kena kokonzera mawailesi ndi masipika, Loweruka lililonse masana kumakumana anthu anayi kapena asanu. Eni malowo ndi bambo achikulire, a imvi, amene paunyamata wawo ankaimba m'mabandi a m'mahotela. Dzina lawo ndilisunga, tonse timangoti madala.

Anayamba kanyimbo kodekha ka blues mu A, ine ndikungoperekeza chapansipansi. Atazungulira kawiri, madala anandiyang'ana n'kukweza chibwano.

"Tenga, mphwanga."

Ndinatenga. Ndinathamanga kabokosi kanga konse, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerera, n'kubwereranso, thukuta lili kamukamu. Ng'oma sindinkazimva, bezi sindinkaimva. Podzutsa mutu ndinapeza anzanga anamaliza kalekale, ine ndekha ndikadali pakati pa msewu. Kunangoti zii. Wang'oma ankayang'ana nsapato zake.

Madala anapukuta magalasi awo ndi malaya, n'kufunsa modekha: "Ndiye pamenepa wati chiyani?"

"Ndimaimba pentatonic, madala."

"Eya, ndamva. Uli ngati mwana wa Sitandade 1 amene akulakatula a, e, i, o, u mothamanga. Zilembo ukuzidziwa. Koma ine ndafunsa kuti wati chiyani."

Usiku umenewo gitala ndinaijambula chithunzi, n'kulemba pansi pake kuti "ikugulitsidwa, mtengo tikambirana." Chimene chinaipulumutsa n'chakuti bandulo inali itatha.

Loweruka lotsatira ndinabwerera, mwina chifukwa cha mkwiyo chabe. Madala sanandilole kukhudza kabokosi. Anandipatsa ntchito yowerenga. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ichi n'chimene chinandigwetsa, ndipo oyamba ambiri timachidumpha poti sichisangalatsa. Blues yambiri imayenda m'zigawo 12 zimene oimba amati ma bar, ndipo bar imodzi ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4. Mu kiyi ya A, ma bar anayi oyamba mumakhala pa A7. Awiri otsatira mumapita pa D7, n'kubwerera pa A7 ena awiri. Kenako E7 imodzi, D7 imodzi, A7 imodzi, ndipo yomaliza nthawi zambiri imakhala E7 imene imakukankhirani poyambira paja. Zili ngati minibasi yochoka mudepoti kupita ku Area 23 n'kubwereranso: masiteji ake sasintha, ndipo woimba solo ayenera kudziwa siteji imene wafika osasuzumira pawindo. Ndinatha masana onse ndikuponda phazi pansi, kuwerenga mokweza ngati kondakitala, mpaka khutu linayamba kumva kusintha kwa chord kusanafike.

Kaponyedwe kake ka phazi nakonso n'kosiyana. Blues siyenda ngati asilikali pa perete. Imatsimphina pang'ono, phazi lina lalitali, lina lalifupi, taa-ta, taa-ta. Ine miyezi itatu yonse ija ndinkaimba manoti ofanana kutalika ngati makina osokera.

Sabata yachitatu anandilanda manoti. "Lero uli ndi atatu okha," anatero, n'kuloza fret ya 5 ndi ya 7 pa nsambo yachitatu kuchokera pansi, ndi fret ya 7 pa yachinayi. Ndiye kuti C, D ndi A. Ndinadandaula kuti achepa.

"Mayi ako akamakuitana uli kutali, amagwiritsa ntchito manoti angati?"

Ndinaseka, iwo osaseka. Anati ndiitane momwe mayi amaitanira. Manyazi anandigwira, komabe ndinatchula dzina langa momwe limamvekera kwathu dzuwa likamalowa, kokoka kumapeto kuja.

"Tsopano lipeze pa gitalapo."

Ndinafufuzafufuza mpaka ndinalipeza: kukwera pang'ono, kukhalitsa pamenepo, kenako kutsika. Manoti atatu omwe aja. Kanali koyamba kuti chinthu chotuluka m'gitala yanga chimveke ngati munthu.

Ndakhala ndikuganizira chifukwa chimene njira imeneyi inagwirira msanga, ndipo ndikuona kuti yankho lili m'kamwa mwathu momwemu. Chichewa ndi chiyankhulo choimba kale. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba mofanana, koma poyankhula timasiyanitsa pokweza kapena kutsitsa mawu. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Ndiye kuti chiganizo chilichonse chimene timanena chili ndi kanyimbo kake. "Wapita kuti?" ali ndi kake. "Ndakuuza kangati?" ali ndi kake, kowawa bwino. Homuweki imene ndinapatsidwa inali yoti tsiku lililonse nditole mawu amene ndamva, kaya kwa woitanira minibasi, kaya kwa mayi wogulitsa mandasi, kaya kwa alandilodi mwezi ukatha, ndiwang'ung'udze ndi pakamwa, kenako ndiwasake m'kabokosi. Lamulo linali limodzi: chimene sungathe kuchiimba ndi pakamwa usachiimbe ndi zala. Mawu a alandilodi, ndikuuzeni, amakhala bwino kwambiri pa E7.

Ndipo munthu woimba ndi pakamwa amafuna kupuma. Apa ndi pamene ndinamumvetsa B.B. King uja. Blues inabadwira kumwera kwa America pakati pa anthu akuda, ana ndi zidzukulu za akapolo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mawu ake kawirikawiri amayenda chonchi: woimba amanena mzere, amaubwereza, kenako amanena wachitatu woyankha. Mzere uliwonse uli ndi ma bar anayi, koma mawu amangodya pafupifupi theka, theka linalo ndi mpata wa chida choimbira. King, amene anabadwira ku Mississippi mu 1925 n'kumwalira mu 2015, ankadziwika ndi kusinthanitsa pakamwa ndi gitala. Iye akamaimba, gitala yake imene anaitcha Lucille inkadikira. Akatseka pakamwa, iyo inkayankha. Mukapeza bandulo ya usiku sakani chimbale cha Live at the Regal chimene chinajambulidwa ku Chicago mu 1964, ndipo mumvetsere mipata yokhayokha. Muwerenge nthawi imene gitala ili chete. Mudabwa.

Nanga zimenezi n'zachilendo kwa ife? Kusiwa usiku mayi mmodzi amatsogolera, ena onse n'kuvomera. Pamtondo, pachinkhoswe, m'bwalo la mpira, m'kwaya ya achinyamata, paliponse pali wotsogolera ndi ovomera. Palibe amene anatikhazika pansi kutiphunzitsa, tinangokula nazo. Ndipo wotsogolera wabwino sachita manyazi kubwereza mzere womwewo katatu. Chodabwitsa n'chakuti tikangogwira gitala timaiwala zonsezi, n'kuyamba kulongolola ngati wailesi yoiwalika yosazima, kuopa kuti tikakhala chete anthu aziti tasowa chochita.

Tsiku lina ndinafunsa madala kuti ndizimvera ndani. Ndinkayembekezera mayina a ku America okhaokha. Iwo anati: "Namoko unamumverapo?" Dzinalo ndinkalidziwa, monga timadziwira mayina a oimba amene agogo ankamvera pa MBC, koma ndinali ndisanakhalepo pansi n'kutchera khutu. Allan Namoko anali wosaona, wa ku Thyolo, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band, ndipo anamwalira mu 1995. Olemba ena akunja amamutcha woimba blues wa ku Malawi. Nyimbo zake siziyenda m'ma bar 12 a ku America aja, koma tamverani mmene mawu ake amadandaulira, banjo n'kumavomera kumbuyo. Ndinamvera usiku wonse ndili chagada pamatiresi, paja pano ndinagula.

Kenako pali abale awiri a m'mudzi wa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, amene anatchuka ndi nyimbo za kwela. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967 ndipo anagwira nawo ntchito zaka zambiri. Kubik yemweyo ndi amene anatulutsa buku la Africa and the Blues mu 1999. Apa tisatengeke, anzanga. Bukulo silinena kuti blues inachokera ku Thyolo kapena ku Chileka. Mizu yambiri ya kaimbidweka iye anailondola kumadera ouma a kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Mali kudutsa kumpoto kwa Nigeria mpaka ku Cameroon. N'chifukwa chake mukamvera Ali Farka Touré wa ku Mali mumangoti uyu ndi m'bale wake wa John Lee Hooker. Ife ndi achibale apatali. Komabe paja chibale n'fupa. Akuluakulu amakumbukira gitala ya hauyani ya Ndiche Mwarare, yoimba potsetsereza kanthu kosalala pa nsambo, monga mmene oimba akale a ku Mississippi ankachitira ndi khosi la botolo kapena mpeni.

Ndipo sitifunika kupita kutali. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anatha zaka akuimba m'misewu ya Lilongwe yomweyi, wina ndi babatoni wa nsambo imodzi, wina ndi gitala ya nsambo zinayi. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya. Nsambo zisanu anthu awiri. Ine ndili nazo zisanu ndi imodzi ndekha, n'kumadandaula kuti manoti atatu achepa.

Chimene chikundivutabe mpaka lero ndi kukoka nsambo, bending. Manoti ena a blues sapezeka pa fret iliyonse, amakhala pakatikati, ndipo kuti uwafike uyenera kukankhira nsambo m'mwamba ikulira. Malo oyambira ndi nsambo yachitatu pa fret ya 7: mumakankha mpaka D amveke ngati E. Pa gitala yosalumikiza kumagetsi ngati yangayi chala chimodzi sichingathe. Mumaika zitatu, chachitatu patsogolo, ziwiri zikuthandizira kumbuyo, ndipo mphamvu imachokera padzanja lonse. Matuza anabwera, anaphulika, khungu linalimba. Madala anandichitira chifundo, anapala pang'ono kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo kumunsi kuja kuti zitsike, n'kundiuza kuti ndigule nsambo zopyapyala. Ngati gitala yanu ikukuchekani, musathamangire kunena kuti mulibe luso. Ipititseni kwa odziwa aione kaye.

Vuto la kukoka si mphamvu yokha, ndi khutu. Ukakoka moperewera zimamveka ngati mphaka wapondedwa mchira. Njira imene ikundithandiza ndi kuyamba ndaliza noti imene ndikufuna kufika, pa fret ya 9, kenako n'kubwerera pa 7 kukoka mpaka zifanane. Palinso kukoka kwina kochepetsetsa kumene ndimakukonda kuposa konse: C wa pa fret ya 5 pa nsambo yomweyo, kumukankha pang'ono chabe, osafika pa noti yotsatira. Madala amati mcherewo uli pamenepo. Za noti ya pa fret ya 8, imene amaitcha blue note, anangoti ndi nyumba ya eni, dutsa upereke moni koma usagone.

Kuwerenga ma bar kuja kunadzabweza phindu pambuyo pake. Ukadziwa kuti D7 ikubwera, umakonzekera kuti ufikire pa D nthawi yomwe anzako akufikapo. E7 ikamabwera, E ali pafupi, pa fret ya 5 pa nsambo yachiwiri. Ukafuna kukometsa, pa D7 ponda fret ya 7 pa nsambo yachiwiriyo. Noti imeneyi ili kunja kwa kabokosi, koma imakhala ngati inabadwira pomwepo. Ukatero, ngakhale womvera amene sadziwa chilichonse cha gitala amamva kuti iwe ndi gulu muli m'galimoto imodzi.

Za zipangizo sindichulutsa. Nyimbo zoperekeza simufunika kuzikoka pa intaneti tsiku lililonse. Tsegulani chojambulira mawu cha pafoni, imbani ma chord atatu aja mozungulira kwa mphindi zisanu, ndiye mwapeza bandi yanu yosadya bandulo. Solo yanu nayonso muziijambula, koma muziimvera m'mawa mwake, mtima utazizira. Zimawawa, eti, koma palibe mphunzitsi wosanyengerera ngati ameneyo. Pa YouTube mutha kuchepetsa liwiro la vidiyo kuti mube kachidutswa kamodzi ka King, kamodzi kokha, n'kukasinthasintha sabata yonse mpaka kakhale kanu. Ndipo ngati mukukhala m'nyumba zamdadada ngati ine, khoma limodzi ndi banja la ana aang'ono, 9 koloko ikakwana ikani sokosi pansi pa nsambo.

Mavidiyo sindikuwanyoza, anandipatsa kabokosi ndipo popanda iko sindikanayamba. Kulakwa kunali kwanga, ndinayesa mapu ndiwo ulendo. Koma foni singakukwezereni chibwano, ndipo singakufunseni kuti mwati chiyani. Sakani anthu. Ku Area 23 kuli Music Crossroads, kumene achinyamata amaphunzira zoimba mwadongosolo. Pafupifupi tchalitchi chilichonse m'makwalala athu muno chili ndi munthu wa lidi amene angakupatseni mphindi khumi mapemphero akatha. Ndipo madala ngati anga aja alipo ambiri, akukonza mawailesi, akusoka, akulondera, zala zawo zikudziwa zinthu zimene palibe akuwafunsa.

Loweruka lapitali anandikwezeranso chibwano. Ndinadikira bar yathunthu osakhudza kanthu, mtima ukugunda ngati mtondo. Kenako ndinaimba kuitana kwa mayi kuja. Ndinapuma. Ndinabwereza. Pofika pa D7 chala chinaterereka n'kugwera pa fret ya 6, noti yowawasa zedi pamalo pamenepo, ndipo ndinaitsetsereza msanga kupita pa 7 ngati ndinachita dala. Wabezi anaseka, anadziwa. Koma bar ya 12 tinafikira limodzi tonse.

Madala sananene kuti ndachita bwino. Anangotembenukira kwa wakiyibodi kuti atenge. Ndikuika gitala m'thumba kuti ndizipita, anandiitana.

"Mphwanga, sabata yamawa ubwere ndi manoti anayi."

Yachinayiyo sindinasankhebe. Ndikukayika pakati pa E ndi G.